Tabo Ikulira Koma Galimoto Sikukoka? Yambani ndi Madzi a Sopo

Mnyamata wa nyumba yoyandikana ndi yanga kuno ku Kafue Estates ali ndi Subaru Forester ya tabo, ya ku Japan, yolowera pa Nakonde. Isanathe miyezi itatu m'manja mwake anali atachotsa kale bokosi la fyuluta ya mpweya n'kuikapo fyuluta yofiira ija yokhala poyera, yooneka ngati kandowa. Anawonjezanso dump valve, kavalavu kamene kamayetsemula kuti "tshii" munthu akachotsa phazi pamoto. Akamaweruka kuntchito, tonse a mumzere wathu tinkadziwa kuti wafika asanakhote n'komwe.

Loweruka lina m'mawa anandipeza ndikuthirira ndiwo kuseri kwa nyumba. "Amalume, tabo yafa," anatero. "Dzulo pochokera ku Mazabuka, thiraki yodzaza shuga yandipitirira pachikweza cha Munali. Ndikaponda moto galimoto ikungoti fooo, osakoka." Anali atafunsa kale mtengo wa tabo ina ku Lusaka, ndipo nkhope yake inkachita kuonetsa kuti mtengowo waumva. Tinatsegula boneti, tinatenga tochi, botolo la madzi a sopo ndi pampu. Ola lisanakwane tinapeza paipi ya labala yong'ambika kunsi kwake, kumene diso silifika, mng'alu wosaposa chikhadabo cha chala chachikulu. Tabo inalibe mlandu.

Nkhani zambiri za "tabo yafa" zimatha chonchi. Ndiye musanatulutse ndalama, patulani Loweruka limodzi m'mawa, injini ili yozizira, tiyende limodzi m'njira ya mpweya.

Mpweya umalowa pa fyuluta, n'kudutsa pa kasensa koyeza kuchuluka kwake, kamene amakaniko amati MAF kapena air flow, kenako n'kufika pa tabo. Tabo ndi timafani tiwiri pa shafiti imodzi: kena kamazunguzidwa ndi utsi wa ku ekizosi, kanzake kamakankha mpweya kupita ku injini. Shafitiyo imazungulira kupitirira ka 100,000 pa mphindi imodzi. Mpweya wopanikizidwa umatentha, n'chifukwa chake umadutsa kaye mu intercooler, yooneka ngati rediyeta yaing'ono, kuti uzizire. Pa Subaru ndi pa Hilux D-4D zokhala ndi chibowo pa boneti, intercooler ili pamwamba pa injini. Pa magalimoto ena ambiri ili kutsogolo, kuseri kwa bampala. Chimene muyenera kugwiritsitsa ndi ichi: kuchokera pa fyuluta mpaka pa tabo mpweya umayamwidwa, kuchokera pa tabo mpaka pa injini umakankhidwa. Bowo la mbali yoyamba limalowetsa fumbi ndi mpweya umene kompyuta ya galimoto sinauwerenge. Bowo la mbali yachiwiri limathawitsa mpweya umene tabo yauvutikira, mphamvu n'kupita nawo.

Musanagwire sipanala, dzifunseni kuti chomaliza kugwidwa pa galimotoyi n'chiyani. Fyuluta yatsopano? Paipi yachitsulo m'malo mwa ya labala? Anachotsa intercooler posintha mapulagi? Vuto limakonda kukhala pomwe panagwira dzanja komaliza, ngakhale dzanjalo likhale lanu.

Kenako mvetserani. Fyuluta yokhala poyera imasokosa mwachibadwa, chifukwa bokosi limene munachotsa lija ndilo linkameza phokosolo. Ngati kulira kunayamba tsiku lomwe munaiika, mphamvu osasintha, palibe chimene chafa. Koma kulira kwa "fooo" kapena mluzu umene umakula mukaponda moto pachikweza, galimoto n'kumalemera, umenewo ndi mpweya wothawa. Kulira kwa "tututu" mukachotsa phazi ndi mpweya wosowa kolowera umene ukubwerera ku tabo chifukwa valavu youtulutsa siikutseguka. Kulira kwa "tche tche tche" m'mawa injini ili yozizira, limodzi ndi fungo la utsi, n'kwa ekizosi imene ikuthawitsa utsi usanafike pa tabo. Funani pamene pali mwaye wakuda mozungulira maboti a manifodi. Kulira koopsa ndi kumodzi: kofanana ndi sairini ya ambulansi, kokwera ndi kutsika limodzi ndi injini. Mukamva kumeneko lekani kuyendetsa galimotoyo kufikira mutaona tabo yeniyeniyo.

Apa ambiri amalakwitsa. Amaimika galimoto pabwalo, giya ili fulii, n'kumaponda moto mpaka nkhuku kuthawa, ati amve pamene pakutuluka mpweya. Injini yopanda katundu siipatsa tabo ntchito, ndiye mng'alu sutseguka, ndipo simumva kanthu. Mwangotha petulo.

Yambani ndi maso ndi manja. Izi ndi za mphindi 20, zaulere. Tsatirani paipi iliyonse ndi tochi, makamaka polumikizira. Fumbi lathu la kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala apa limathandiza. M'mapaipi a tabo mumakhala kaoyilo pang'ono, zimenezo n'zachibadwa, ndipo mpweya ukamathawa umatuluka nako, fumbi n'kumatirira pomwepo. Mukaona malo amodzi akuda, onyowa, pamene pena ponse pali pouma, mwayandikira. Pisani dzanja kunsi kwa paipi, muifinye, muipinde pang'ono, chifukwa mng'alu wa labala umatseka pakamwa paipi ikangokhala. Gwedezani polumikizira paliponse. Paipi yomangidwa bwino siizungulira m'manja. Finyaninso paipi yaikulu yolowa mu tabo. Ikafewa ngati nsima ya dzulo yothira madzi, imaphwafuka tabo ikamayamwa, injini n'kubanika. Pa Subaru paipi imeneyi imadutsa pansi pa manifodi yolowetsa mpweya ndipo imakonda kung'ambika pafupi ndi tabo penipeni.

Maso akalephera, tipange chida. Pitani ku hardware mukagule chotsekera paipi ya PVC chofanana kukula ndi kukamwa kwa paipi yolowa mu tabo. Yezani kaye ndi tepi musananyamuke. Kwa okonza matayala pemphani valavu ya tayala la tubeless, ngakhale yakale. Boolani pakati pa chotsekeracho, lowetsani valavuyo mpaka itakhala thi. Injini ili yozima, chotsani fyuluta pamodzi ndi MAF, lowetsani chotsekeracho mu paipi, mangani ndi kilampu zolimba. Timapaipi tating'ono tochokera ku injini tolowa mu paipi imeneyi titsekeni kapena tipaneni, ndipo tsegulani chivundikiro chothirira oyilo, kuti mpweya wosochera usakakankhe masilo a injini. Tsopano popani. Kapampu kamagetsi ka matayala ndiko kabwino. Pampu ya phazi kapena ya njinga imathekanso ngati pali mwana wamphamvu woti azipopa osaleka. Musapitirire 0.5 bar, imene ndi 7 psi pa geji. Kompresa yaikulu ya kwa okonza matayala musaiyerekeze pokhapokha ili ndi chochepetsera mphamvu. Ndipo nkhope yanu isakhale kutsogolo kwa chotsekeracho, chifukwa chikavuka chimauluka ngati mwala wa pa legeni.

Mpweya uli m'kati, khalani chete kaye mumvetsere. Bowo lalikulu limadziulula lokha. Laling'ono mulisake ndi madzi osakaniza ndi sopo wotsukira mbale, m'botolo lopopera kapena la pulasitiki loboola pachivundikiro. Wazani polumikizira paliponse, m'mphepete mwa intercooler pamene chitsulo chakumana ndi pulasitiki, pa dump valve, pa timapaipi tonse. Pamene patuluke thovu lofufuma, ndi pomwepo. Musaime pa bowo loyamba. Mabowo amayenda awiriawiri. Geji ikamatsika pang'onopang'ono musadandaule, mpweya wina umadutsa m'mavalavu a injini. Ikagwa m'masekondi awiri kapena atatu, kapena ikakana kukwera n'komwe, pali bowo ndithu. Ntchito yonseyi, kupanga chida ndi kuyeza, ipatseni maola awiri ulendo woyamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwapeza paipi yovuka kapena kilampu yokhwefuka? Musangoibwezera. Pukutani oyilo m'kati mwa labala ndi kunja kwa chitsulo mpaka pauma gwa, chifukwa paipi ya oyilo imavukanso pachikweza choyamba. Kumapeto kwa paipi yachitsulo kumakhala kamlomo kotukuka. Kilampu ikhale kuseri kwa kamlomoko, isakwere pamwamba pake. Mapaipi ena osula kwa owotcherera amabwera opanda kamlomo aka, ndipo amenewo amavuka ngakhale mumange bwanji, mpaka atakuikirani. Pa pulasitiki musamange ngati mukumanga goli la ng'ombe, mung'alula kukamwa kwa intercooler. Za labala wa chubu cha njinga ndi tepi yakuda, ndikudziwa kuti kwathu kuno zimamanga chilichonse kuyambira mpope wa madzi mpaka mtolo wa makala, koma apa zingokufikitsani kunyumba basi. Kutentha ndi oyilo zimazisungunula m'masiku ochepa.

Mitengo ya masipeyala imayenda ndi dola, ndiye ndiiyerekeza ndi petulo. Kilampu wamba ndi ndalama ya lita imodzi kapena awiri. Ya T-bolt, yomanga ndi nati, imene imagwira bwino pa galimoto yowonjezera mphamvu, konzekani kuwirikiza kangapo. Paipi yabwino ya silicone ndi mahandiredi angapo a makwacha, ndipo kawirikawiri muikwerera basi ya ku Lusaka, makilomita pafupifupi 45. Nyamulani yakaleyo m'thumba kuti mukayerekeze. Tabo, ngakhale yochotsa pa galimoto ina, ndi masauzande angapo, osawerengera wokuikirani.

Tibwerere ku fyuluta yofiira ija, chifukwa ine ndili nayo mawu. Zambiri mwa fyuluta zimenezi n'zopaka oyilo, ndipo oyiloyo amauluka n'kukamata kawaya kopyapyala ka m'kati mwa MAF. Kawayako kakada kamawerenga mpweya wochepa kusiyana ndi umene ukulowadi, kompyuta n'kupereka petulo wosakwanira, galimoto n'kumadodoma. Kuitsuka n'kosavuta: masulani timaboti tiwiri, zulani pulagi, poperani ndi mankhwala a m'chitini olembedwa kuti ndi a MAF, dikirani mphindi 20 kuti iume, bwezerani. Chitini chimodzi chimatsuka kambirimbiri. Musagwiritse ntchito petulo, mankhwala otsukira kabureta kapena kathonje ka m'khutu. Kawayako kakaduka mugula sensa yonse. Chachiwiri, MAF inayezedwa kufakitale ili mu paipi ya kukula kwakutikwakuti. Mukaiika mu paipi yaikulu kapena yaing'ono, iziwerenga zabodza masiku onse ngakhale ikhale yoyera ngati mano a mwana. Chachitatu ndi kutentha. Bokosi la kufakitale limakoka mpweya kunja, pamene fyuluta ya poyera imapuma mpweya wa pambali pa injini. Mpweya ukatentha ndi madigiri 30 kuposa wakunja umapepuka ndi gawo pafupifupi limodzi mwa magawo 10, ndipo mu Okutobala wa ku Kafue, mutaima pamzere wa mathiraki, pansi pa boneti pamakhala ngati uvuni wa mabanzi. Ena pothawa kutenthaku amaitsitsira pansi pafupi ndi bampala, kuiwala kuti Januwale akubwera. Fyuluta ikamwa madzi a pachithaphwi, madziwo sapanikizika, amapinda ma con rod ogwira mapistoni, injini n'kuthera pomwepo. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ngati bokosi lakale likadalipo, libwezereni ndi fyuluta ya pepala yatsopano, muyende nalo sabata imodzi, muone nokha kusiyana kwake.

Dump valve yotayira mpweya kunja nayo ili ndi mlandu wake pa galimoto ya MAF. Mpweya umene ikutayawo kompyuta inauwerenga kale ndipo yautumizira kale petulo wake. Valavu ya kufakitale imaubwezera kutsogolo kwa tabo kuti hisabu isasokonekere. Ya phokosoyi imautaya, petulo n'kuchuluka, mapulagi n'kuda, ndipo galimoto imafuna kuzima mukamachepetsa liwiro pa hampu kapena pamphambano. Ngati sipuling'i yake ndi yofooka imathawitsanso mpweya pamene mukuufuna kwambiri; madzi a sopo aja akuonetsani.

Timapaipi tating'ono, tonga chala cha mwana, tiyang'aneni timodzitimodzi. Kamodzi kamapita ku kachitini ka pambali pa tabo kamene kamatsegula wastegate, kachitseko kolambalalitsa utsi kuti tabo isapitirire muyezo. Pa magalimoto ambiri a petulo, kapaipika kakavuka mphamvu imakwera mopitirira, kenako kompyuta imadula mafuta mwadzidzidzi ngati wina waponda buleki. Injini ili yozizira, gwirani kamkono kochokera ku kachitiniko. Kayenera kukhala kolimba. Kakamagwedera, kapena kakilipi kake kakagwa, kachitseko kamakhala kotsegula ndipo tabo siidzuka ngakhale muponde mpaka pansi. Ngati wina anakuikirani kowonjezera boost (mphamvu ya tabo) kopotokola ndi dzanja, kachotseni kaye mpaka vuto litapezeka.

Tsopano tifunse kompyuta. Kachida kotchedwa ELM327 kamalowa pa soketi ya pansi pa chiwongolero n'kulumikizana ndi foni kudzera pa Bluetooth, ndi pulogalamu monga Torque. N'kotchipa poyerekeza ndi tanki ya petulo. Magalimoto ena akale opangira msika wa ku Japan amakana kulankhula nako. Zikatero pitani kwa wamagetsi a galimoto wokhala ndi makina aakulu. P0299 ikutanthauza kuti mphamvu ya tabo ikuperewera, P0234 kuti yapitirira, P0101 ikuloza ku MAF, P0171 ndi petulo wochepa pa mpweya, P0172 ndi petulo wochuluka. Lembani manambalawa papepala wina asanawafufute. Ndipo dziwani kuti nambala imakuuzani chimene kompyuta yaona, siikuuzani choti mugule. P0299 yagulitsa matabo ambiri pamene wolakwa anali kilampu.

Pali kanthu kena kamene kamasokoneza anthu kuno. Mukatsegula kiyi injini osailiza, sensa yoyeza mphamvu ya mpweya mu manifodi iyenera kuonetsa mpweya wa kunja. Mavidiyo a pa YouTube adzakuuzani kuti ndi 100 kapena 101 kPa. Imeneyo ndi ya kunyanja yamchere. Kafue ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, ndiye muona 89 kapena 90, ndipo ku Lusaka, kumene kuli pamwamba ndi mamita ena pafupifupi 300, muona 87 kapena chapomwepo. Sensa yanu ili bwino, musaigule ina. Izi zikutanthauzanso kuti tabo kuno imayamba ndi mpweya wopepuka, ndipo imazungulira kwambiri kuti ifike pamene inkafika ku Yokohama. Wofuna kuiwonjezera boost aziganizira zimenezo.

Poyesa pamsewu tengani mnzanu agwire foni, inu maso pamsewu. Msewu wa T2 ndi wa mathiraki ochokera ku Chirundu, si bwalo la mpikisano. Pachikweza chopanda magalimoto, mu giya yachitatu, yambirani pa 2,500 n'kuponda mpaka pansi kwa masekondi ochepa. Magalimoto ambiri a petulo osasinthidwa amawonjeza pakati pa 0.6 ndi 1 bar pamwamba pa mpweya wa kunja. Nambala ikakwera n'kugwa, kapena ikakana kufika, bwererani ku mapaipi ndi wastegate, kenako muganizire za ekizosi yotsekeka ndi catalytic converter yosungunuka. Ikafika bwinobwino koma galimoto osakoka, ndiye kuti mpweya ulipo, vuto lili kwina: mapulagi otha, amene amaphonya moto tabo ikangodzuka, fyuluta ya mafuta yotsekeka, mabuleki ogwira, kapena kilachi yoterereka, imene mumaidziwa poona injini ikukwera liwiro la galimoto osasintha.

Musaiwale petulo. Ma Subaru a tabo a ku Japan anapangidwira petulo wa octane yapamwamba wa kumeneko, wofika pafupi ndi 100, pamene pa mafiling'i ambiri kwathu petulo ndi wa mtundu umodzi, wotsikirapo. Injini ikayamba kugogoda m'kati, sensa imamva, kompyuta n'kuchedwetsa moto kuti iteteze mapistoni. Galimoto imene imathamanga m'mawa wa Juni n'kumalemera masana a Okutobala nthawi zambiri ikuchita zimenezi. Sikudwala, ikudziteteza. Wochuna kompyuta amene akulonjeza mahatchi ambiri osafunsa petulo amene mumathira, musiyeni apite. Pisitoni ikasweka iye sadzakhalapo.

A dizilo, a Hilux, Isuzu KB, Ranger ndi Navara, zonse za mapaipi ndi sopo n'zanunso, ndipo kwa inu chizindikiro chimaonekera pagalasi: mpweya ukathawa, utsi wakuda umatsatira. Onjezani zitatu. Valavu ya EGR, yobwezera utsi wina mu injini, ikakakamira yotsegula chifukwa cha mwaye, mphamvu imatha. Kasensa ka pa manifodi kamatsekeka ndi phala la mwaye ndi oyilo, ndipo kukatsuka ndi mphindi 15. Matabo ena a dizilo ali ndi timapiko tosuntha m'kati timene timakakamira ngati galimoto imangoyenda pang'onopang'ono m'tauni. Kuyambira 2023 paipi ya TAZAMA yochokera ku Dar es Salaam imanyamula dizilo wa salufa wochepa, koma mwaye wa zaka zam'mbuyo sunadzichotse wokha m'mainjini. Ndipo ngati munathirako dizilo wa m'zigubu wa m'mbali mwa msewu, sinthani kaye fyuluta ya dizilo musanaganize china chilichonse.

Tabo yeniyeniyo ibwere pomaliza. Injini ili yozizira, kiyi ali m'thumba mwanu, chotsani paipi yolowa mu tabo, unikani. Timapiko tikhale tosongoka, tofanana, topanda kubenthuka. Tikaoneka todyeka ngati tapalidwa ndi sandipepala, fumbi lakhala likulowa, ndipo mubwerere ku fyuluta ndi paipi yake. Gwirani nati yapakati ndi zala ziwiri, muzunguze: iyende mosalala. Kugwedera pang'ono cha m'mbali n'kololedwa, chifukwa shafiti imayandama pa oyilo injini ikamalira, bola timapiko tisakhudze khoma. Kugwedera kolowa ndi kutuluka kumene zala zikukumva bwino, zipsera pakhoma, oyilo wochita kutayika mu intercooler ndi utsi wabuluu, pamenepo tabo yathadi.

Ikatha, funsani chimene chaipha, apo ayi yatsopano ifanso imfa yomweyo. Kawirikawiri ndi oyilo wakale, kapaipi kobweretsa oyilo kotsekeka, fumbi, kapena chizolowezi chozimitsa injini mutangofika kuchokera paulendo wothamanga. Mukakwera mapiri a msewu wa Chirundu, isiyeni ilire mphindi imodzi kapena ziwiri musanazimitse. Uzani makaniko asinthe oyilo ndi fyuluta yake, atsuke kapena asinthe kapaipi ka oyilo, athire oyilo mu tabo yatsopano asanalize, ndipo atsuke intercooler. Chomalizachi musachinyengerere pa dizilo. Oyilo wotsalira mu intercooler injini imatha kumuyamwa n'kumuyatsa ngati mafuta, n'kuthamanga yokha osamva kiyi mpaka kudziphwanya.

Mnyamata uja anagula paipi ndi makilampu awiri Lolemba. Bokosi la fyuluta tinalipeza m'sitolo ya kukhitchini, amayi ake akusungiramo anyezi, tinalitsuka n'kulibwezera. Dump valve anakana kuichotsa tsiku limenelo, ati galimoto ikhala chete ngati Corolla ya abusa. Anabwera nayo yekha m'manja patapita milungu iwiri, galimoto itamuzimira pa hampu minibasi ili kumbuyo kwake ikuliza hutala, kudzafunsa ngati ndikudziwa kumene angapeze valavu ya kufakitale.